Kadontho ndi Zilembo Zofulatira

Kadontho ankafuna pensulo.

Sankafuna chidole. Sankafuna nsapato zatsopano. Ankafuna pensulo basi.

Kadontho linali dzina lapanyumba. Anali kamtsikana kakang'ono ngati dontho la madzi. Dzinalo linamutsatira mpaka kusukulu.

M'kalasi mwawo munali matebulo awiri. Lina linali la mchenga. Lina linali la mapensulo.

Mwana aliyense ankayambira pa mchenga. Ankalemba ndi chala. Ankafufuta ndi chikhatho. Ankalembanso. Chala chikadziwa njira, mwana ankasamuka. Ankapita pa tebulo la mapensulo.

Anzake onse anali atasamuka. Kadontho anatsala yekha. Iye ndi thireyi ya mchenga.

*

Lolemba m'mawa, Madamu anabwera pa tebulo lake. Madamu anali mphunzitsi wawo. Anasalaza mchenga. Anamuuza kuti alembe A.

Kadontho analemba A. A anali bwino.

Analemba M. M anali bwino.

Analemba T. T anali bwino.

Kenako analemba S. Analemba mosamala. Anali S wokongola, wa mimba yozungulira bwino. Koma Madamu anapendeketsa mutu.

"S wako watifulatira, Kadontho," anatero Madamu. "Akuyang'ana kumbuyo."

Kadontho analemba E. E nayenso anafulatira.

Analemba K. K nayenso anafulatira.

Kadontho anayang'ana chala chake. Chinali chala chomwecho. Anayang'ana mchenga. Unali mchenga womwewo. Nanga bwanji A anali bwino? Nanga bwanji S analakwika?

Mutu unamuzungulira.

Madamu sanakalipe. Anati adzamuonanso Lachisanu. Akadzalemba S, E ndi K, adzalandira pensulo. Anatinso mlungu wamawa kukubwera ana atsopano. Ana aang'onoang'ono, ena oyamwa zala. Onsewo adzakhala pa tebulo la mchenga.

Kadontho sankafuna kukhala ndi oyamwa zala. Anawerenga masiku. Lachisanu silinali kutali.

*

Panali chinthu chimene Madamu sankadziwa. Amayi sankachidziwa. Abambo sankachidziwa. Zilembo zake Kadontho sanaziphunzire kusukulu. Anaziphunzira poonerera Amalume.

Amalume anali achimwene awo a Amayi. Anachoka kalekale, Amayi ali kamtsikana. Anakhala kutali zaka zambirimbiri. Anabwerera ndi imvi ndi sutikesi imodzi. M'sutikesimo munali malaya awiri. Munalinso maburashi khumi ndi awiri.

Ntchito ya Amalume inali kulemba pa magalasi a mashopu.

Amalume sankakondwa ndi msewu wakwawo. Ankati msewu wachepa. Mtengo wa pakona unadulidwa. Sitolo ya mabuku inasanduka sitolo ya mafoni. Zikwangwani zimene analemba ali mnyamata zinachotsedwa zonse. Zatsopano zinali zapulasitiki, zotuluka m'makina. Amalume ankati zonse zili ndi nkhope imodzi, ngati mazira.

Nthawi zina ankapita kukagula penti. Ankasochera mumsewu umene anabadwira. Ankafunsa njira kwa ana. Anawo ankati, "Takulandirani, alendo." Tsiku lotero Amalume sankadya bwino.

Koma pa ntchito sankasochera.

Amalume sankalemba kunja kwa galasi. Ankalemba mkati. Kunja mvula imanyambita penti. Dzuwa limawaula. Mkati zilembo zimakhala zaka.

Wolemba mkati amalemba motembenuza. Chilembo chilichonse chimafulatira. Ndiye munthu wa mumsewu amachiona chili chilili, choyang'ana koyenera. Limeneli ndilo linali luso la Amalume. Mumsewu monse, ankalidziwa ndi iwo okha.

Analinso ndi lamulo lawo. Asanayambe, ankamata nyuzipepala kunja kwa galasi. Ankati ntchito yosatha ili ngati munthu wosavala. Siionetsedwa kwa anthu.

Masana aliwonse Kadontho ankapita ndi Amalume. Amayi ankakhala pa makina osokera. Abambo ankakhala akukonza njinga za anthu. Amayi anaika lamulo limodzi. Kadontho asatulukire kumsewu, kuli magalimoto. Choncho ankalowera khomo la kuseri. Ankatulukiranso khomo la kuseri.

Kadontho sanaonepo galasi la Amalume ali panja.

Ankakhala pa chitini cha penti. Ankayang'ana burashi. Burashi ikakwera, chala chake chinkakwera. Burashi ikakhota, chala chake chinkakhota. Ankalemba m'mwamba, mumphepo.

Amalume ankaona chalacho. Ankaganiza kuti mwana akuingitsa ntchentche.

*

Lolemba madzulo, Kadontho anauza Amayi za S, E ndi K.

Amayi anali telala. Anaimitsa makina. Anati zimenezo n'zochepa, zitha lero lomwe. Anatenga botolo la mabatani. Anakhuthulira pa tebulo lodulira nsalu.

Amayi anakhala mbali iyi. Kadontho anakhala mbali inayo. Anayang'anizana.

Amayi anandanditsa mabatani. Ofiira, oyera, akuda. Anapanga E wamkulu. Anamupanga woyang'ana kwa iwo eni. Anati Kadontho ayendetse chala pamwamba pake.

Kadontho anayang'ana ali tsidya linalo la tebulo. Anamwetulira.

"Amayi, E wanga ndi yemweyu."

Amayi anakondwa. Anamupatsa mabatani ena. Anati apange wake. Kadontho anapanga. Amayi anazungulira tebulo kuti aone bwino. Anaima kumbuyo kwake. E wa Kadontho anali atafulatira.

Amayi anayang'ana E wawo uja. Nayenso anali atafulatira.

Anabwerera pa mpando wawo. E wawo anali bwino. Anapitanso kwa Kadontho. E wawo anafulatira.

Amayi anati mwina mwanayu ali ndi vuto la maso. Koma Kadontho ndiye ankawalowetsera ulusi m'singano tsiku lililonse. Amayi anakumbukira zimenezo. Anabwezera mabatani m'botolo.

*

Lachiwiri madzulo inali nthawi ya Abambo.

Abambo ankakonza njinga. Manja awo ankanunkhira girisi. Anati mabatani ndi ofooka, amangobalalika. Chilembo chimafuna chitsulo.

Anatenga waya. Anamupinda uku. Anamupinda uko. Anatuluka S wolimba.

Anati Kadontho atseke maso. Anamuika S m'manja. Anali wozizira. Anali wosalala. Kadontho anamutsata ndi chala, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anayamba kumva njira yake.

Kenako S anapulumuka. Anagwa pansi kuti ngwee.

Kadontho anatsegula maso. Anamutola. Anamuika patebulo.

"Uyu ndiye wanga, Ababa."

Abambo anati ayi, ameneyo wafulatira. Anamutembenuza. Anati uyu ndiye woona.

Kadontho anamutembenuzanso. Anafunsa ngati waya wasintha. Abambo anati waya ndi yemweyo. Anafunsa ngati S wasintha. Abambo anati wasintha. Kadontho anafunsa kuti wasintha bwanji, waya ali yemweyo.

Abambo anatembenuza S. Anamutembenuzanso. Anamutembenuzanso kachitatu. Anadzikanda m'mutu. Girisi anatsala pachipumi.

Kenako anadzuka mwakachetechete. Analowa kukhitchini. Kadontho anawatsatira chapansipansi. Anawapeza atagwira paketi ya shuga. Ankayerekeza S wa papaketi ndi S wa waya.

Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati aphunzitsi asowa njira m'kalasi mwawo momwe.

Abambo anati vuto ndi dzanja. Mwina mwanayu ndi wamanzere. Kadontho anayesa kulemba ndi dzanja lamanzere. Chinatuluka chinyongolotsi.

Anatsala masiku awiri.

*

Lachitatu Amalume anamva nkhaniyi. Anakwiya.

Anati vuto si maso. Vuto si dzanja. Vuto ndi sukulu za masiku ano. Kale ana ankalemba pansi, pa dothi. Dothi linkalowa m'zikhadabo, chilembo n'kulowa m'mutu. Lero ana amangodina timabatani. Anavala malaya awo abwino aja. Anati akukaonana ndi aphunzitsi.

Anasochera kawiri. Anafika ana akuweruka.

Madamu anawalandira bwino. Anawapatsa kampando ka ana. Amalume anakhala, mawondo ali pafupi ndi chibwano. Anayang'ana uku ndi uku, kufuna makina. Sanaone makina. Anaona thireyi ya mchenga.

Mawu onse amene anakonza m'njira anawathawa. Anagwira mchengawo. Anaupekesa ndi zala. Anangoti mchenga wa masiku ano ndi woyera kwambiri.

Madamu anaitana Kadontho. Anamulemba K pamsana ndi chala. Kadontho anamva kugirigisha. Anaseka, anapindika. Madamu anamufunsa kuti K uja wayang'ana kuti. Kadontho sanadziwe. Pamsana palibe maso.

Madamu anamutuma kukatenga chikwama chake. Kadontho anapita, koma makutu anawasiya komweko.

"Bambo, mwanayu sakungolota," anatero Madamu. "Chala chake sichikayika. Alipo amene anamuphunzitsa zimenezi. Ndipo anamuphunzitsa bwino."

Amalume anadzuka pa kampando movutikira.

"Munthu ameneyo ndikamupeza, adziwanso," anatero Amalume.

Kadontho anamva. Anadabwa. Munthu ameneyo angakhale ndani? Iye anali ndi mphunzitsi mmodzi wa kunyumba, Amalume. Ndipo Amalume sankalakwitsa. Aliyense ankayamikira ntchito yawo.

Mutu unamuzunguliranso.

*

Lachinayi kunazizira.

Amalume ankamaliza galasi la ometa tsitsi. Mwini shopuyo anthu ankamutcha a Lumo. A Lumo anali onenepa, okonda kuseka. Masana onse Amalume anawauza za munthu woipa uja. Munthu wosokoneza ana a eni. A Lumo anati akapezeka, abwere naye. Adzamumeta mbali imodzi.

Amalume anapukuta burashi. Ntchito inatha. Iwo ndi a Lumo anatuluka kukachotsa nyuzipepala.

Kadontho anatsala mkati. Anali wachisoni. Mawa linali Lachisanu.

Pafupi ndi chitseko panali ketulo ya tiyi. Inkawira. Chitsekocho chinali ndi kagalasi kake, kopanda nyuzipepala. Nthunzi inakaphimba. Kanachita nkhungu.

Kadontho anaika chala pa nkhunguyo. Panali pozizira, ponyowa. Analemba S wake. Analemba E wake. Analemba K wake.

Panja, Amalume anasiya kung'amba nyuzipepala. Anayandikira chitseko. Anaona S wabwino. Anaona E wabwino. Anaona K wabwino, woima ngati msilikali.

Anakondwa. Anauza a Lumo kuti mwana wachira. Anatsegula chitseko, analowa.

Mkati, zilembo zonse zitatu zinali zitafulatira.

Amalume anatuluka. Zinali bwino.

Analowa. Zinafulatira.

Anatulukanso. Analowanso. A Lumo anafunsa ngati akuyesa chitseko.

Amalume anagwira Kadontho dzanja. Analigwira zolimba, chifukwa cha magalimoto. Anatuluka naye.

Kadontho anaima mumsewu. Anayang'ana galasi lalikulu lija. Panalembedwa kuti KUMETA TSITSI. Anali atazionerera zilembozi mlungu wathunthu. Koma sanazizindikire. K anali wa Madamu. E anali wa Madamu. S anali wa Madamu.

Anapempha kulowa. Mkati zinali zake.

Anapempha kutuluka. Panja zinali za Madamu.

Anayang'ana M. Mkati ndi panja, M anali yemweyo. Anayang'ana T ndi A. Nawonso sanasinthe. Osintha anali K, E ndi S.

Mutu wa Kadontho unasiya kuzungulira.

"Amalume," anatero, "munthu uja ndinu."

"Ine? Ndinakuphunzitsa liti?"

"Tsiku lililonse. Ndili pa chitini."

Anakweza chala. Anachiyendetsa mumphepo. Chinakwera, chinakhota, monga imachitira burashi.

"Si ntchentche zimenezo?" anafunsa Amalume.

"Ayi, Amalume. Ndi S."

A Lumo anaseka mpaka misozi. Anapukuta mpando wometera. Anati munthu uja wapezeka, akhale pansi. Ayambe mbali iti?

Amalume sanaseke. Anakakhala pa chitini cha penti. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Anati mumsewu monse muno, palibe anafunapo kuphunzira ntchito yawo. Mmodzi yekha ndiye anafuna. Ndipo iwo sanamuone.

"Pepa, mwana wa mlongo wanga."

Kadontho anati palibe kanthu. Koma anawakumbutsa kuti mawa ndi Lachisanu.

*

Kudziwa ndi mutu n'kwina. Kudziwa ndi chala n'kwina.

Atafika kunyumba, Kadontho anayesa kulemba S pa dothi. Mutu unati uku. Chala chinapita uko. Chinazolowera njira yake yakale.

Amalume anafotokoza zonse. Amayi anawayang'ana, manja ali m'chiuno.

"Achimwene, zaka zonsezi kutali, mwabwera kudzanditembenuzira mwana?"

Abambo anati alamu asade nkhawa. Panyumba pano aliyense wasochera kale mlungu uno.

Dzuwa linali lisanalowe. Onse anayamba ntchito.

Abambo anapinda E ndi K. Anatenga S uja. Anawakhomera pa thabwa ndi timisomali. Tsopano sakanathanso kutembenuka.

Amayi anamangirira batani lofiira pa chilembo chilichonse. Analimanga pamene chala chimayambira. Kenako anakhala pambali pa Kadontho, phewa ndi phewa. Anati za kuyang'anizana anasiya.

Kadontho anatseka maso. Anapapasa mpaka anapeza batani. Anatsata waya. Anatsatanso. Anatsatanso.

Amalume anabweretsa ndowa ya madzi. Anatulutsa burashi yawo yaikulu. Burashi imeneyo sinkagwiridwa ndi munthu wina. Anaipereka kwa Kadontho.

Anapita pa khoma la kuseri. Amalume anaima kumbuyo kwake. Anaika dzanja lawo pamwamba pa lake. Anati khoma si galasi. Khoma lilibe kunja. Owerenga amaima pomwe waima wolemba.

Anaviika burashi. Analemba pamodzi, akunena mokweza.

E anali, "Tsika. Kumanja, kumanja, kumanja."

K anali, "Tsika. Lowa, tuluka."

S anali, "Kumanzere, kumanja, kumanzere."

Kadontho anafunsa kuti kumanja ndi kuti. Amayi anati ndi ku dzanja lodyera. Zimenezo Kadontho ankazidziwa bwino.

Madzi ankatsetsereka m'mkono mpaka m'kasukusuku. Zilembo zinali zazikulu kuposa iye. Ankadumpha kuti afike pamwamba. Ankanjuta kuti afike pansi. Akalakwitsa, mphepo inkaumitsa khoma. Cholakwacho chinkatha chokha.

Tsika. Kumanja, kumanja, kumanja.

Tsika. Lowa, tuluka.

Kumanzere, kumanja, kumanzere.

Pa ulendo wina K anafulatira. Kadontho anati si iye. Dzanja lapamwamba ndilo linakoka. Amalume anachotsa dzanja lawo msanga. Analibisa m'thumba. Kuchokera pamenepo Kadontho analemba yekha.

Analemba mpaka ndowa inauma.

*

Lachisanu linafika.

Madamu anasalaza mchenga. Anzake onse anasiya mapensulo awo. Anatembenuka kuti aone.

Madamu anati alembe S.

Kadontho anatseka maso pang'ono. Anakumbukira waya wozizira. Anakumbukira batani. Ananong'ona mawu aja. Chala chinayenda.

S anali bwino.

Madamu anati alembe E.

Tsika. Kumanja, kumanja, kumanja.

E anali bwino.

Madamu anati alembe K.

Kadontho anakondwa kwambiri. Anafulumira. Sananong'one kanthu. Chala chinathamangira njira yake yakale.

K anafulatira.

Madamu anangodikira.

Kadontho anamuyang'ana K uja. Anamuyang'anitsitsa. Nthawi ino sanasokonezeke.

"Uyu ndi wa pagalasi, Madamu," anatero. "Dikirani."

Anafufuta ndi chikhatho. Anayang'ana dzanja lake lodyera. Anayambanso, pang'onopang'ono.

Tsika. Lowa, tuluka.

K anali bwino.

Madamu sanamvetse za galasi. Koma anati mwana woona yekha cholakwa chake wakula. Anatsegula kabati. Anatulutsa kope latsopano. Anatulutsanso pensulo yachikasu, yaitali, yosasongola.

Anzake anasendera. Anamusiyira malo pa tebulo la mapensulo.

*

Kadontho sanalole kuti pensuloyo isongoledwe kusukulu. Anapita nayo kunyumba, ataifumbata ndi manja awiri.

Amalume anaisongola ndi mpeni wawo. Anasongola mosamala, osathyola. Amayi anachotsa nsalu patebulo. Abambo anasamba m'manja kawiri, kuopa kudetsa kope.

Onse atatu anaima kumbuyo kwake. Palibe anakhala tsidya linalo.

Kadontho anatsegula tsamba loyamba. Linali loyera mbee. Analemba S. Analemba E. Analemba K. Pensulo inkalira pang'ono papepala. Kadontho anaikonda nyimbo yake.

Amayi anaombera m'manja. Abambo anati ameneyu ndi mwana wawo.

Amalume anati ntchito imayenera kuonedwa ndi wantchito. Anatenga kopelo. Anapita nalo pa zenera. Anakweza tsamba lija ku dzuwa. Analiyang'anira kuseri kwake. Anatsinzina diso limodzi. Anagwedeza mutu, anati ili bwino.

"Amalume, mukuonera kuseri," anatero Kadontho.

Amayi ndi Abambo anaseka. Nawonso Amalume anaseka, mpaka anatsokomola.

Kadontho anawakoka malaya. Anawakhazika pambali pake. Anaika kope patsogolo pawo, loyang'ana koyenera. Kenako anawaika pensulo m'manja.

"Tsopano inuyo," anatero. "Yambani ndi K. Musafulumire."